Kabotolo Kopanda Dzina

Mutu 4

1. Lezala ndi sopo

Nsabwe zinapezeka Lachisanu madzulo. Filomena ankapesa tsitsi la mng'ono wake Anita pakhonde, ndipo anaona kanthu kakuda kakuyenda pachipeso. Atagawa tsitsilo ndi zala anapeza mazira ali mbuu kuseri kwa makutu.

Filomena anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndipo ankaphunzira Fomu 1. Anita anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kwawo kunali kwa Chapananga, kumene bambo awo, a Geresomo, ankalima thonje ndi kuweta ng'ombe.

Lamlungu lotsatira kunali chikondwerero kutchalitchi. Anita anali atasankhidwa koyamba kukhala m'gulu la ana ovina kutsogolo kwa kwaya. Ana onsewo ankayenera kuluka tsitsi ndi kumanga maliboni oyera. Pophunzira kuvina ankabwerekana malibonio, ndipo nsabwe zinayenda nawo mutu ndi mutu.

Mayi awo, a Clotilda, anayang'ana m'mutumo kamodzi kokha.

"Mawa upite kumsika ukagule lezala ndi sopo," anauza Filomena. "Ndikachoka kokonza m'tchalitchi ndidzamumeta."

"Mama, liboni ndikamanga pati?" anafunsa Anita.

"Udzavala kaduku. Mulungu sawerenga maliboni, mwana wanga. Amayang'ana mtima umene ukuvinawo. Tsitsi ndi udzu, mvula ikagwa limamera. Ndipo iwe Filomena undimvetse bwino. Kumsikako kuli anthu ogulitsa timabotolo tamitundumitundu. Ena akuti ndi tochiza maso, ena akuti ndi toyeretsa nkhope, ena akuti ndi ta mutu. Sindikunena kuti onse ndi akuba. Koma mankhwala enieni amakhala ndi dzina, amakhala ndi pepala lonena muyezo, ndipo wogulitsa wake umam'peza pomwepo sabata yamawa. Ine ndinakula ndikumetedwa chaka ndi chaka ndipo ndinakwatiwa ndithu. Lezala ndi sopo, basi."

Anita anagona osadya, atagwira tsitsi lake ndi manja onse awiri.

2. Munthu wa tebulo la buluu

Filomena ananyamuka kusanache, chifukwa msika unali kutali ndipo dzuwa la Okutobala silichedwa kupsa. Anapita ndi mnzake Otilia, amene mng'ono wake Witness analinso m'gulu la ovina, ndipo nayenso anali ndi nsabwe.

Kumapeto kwa msika, pafupi ndi ogulitsa mbuzi, panali mwamuna wovala chipewa chachikulu. Anali atayala pulasitiki ya buluu patebulo. Pamenepo panali zipeso, mafuta odzola, mapilitsi a mutu ndi timabotolo tambiri.

"Achemwali anga, nkhope zokongola chonchi zikudutsa osandipatsa moni?" anatero mwamunayo. "Vuto ndi chiyani? Ziphuphu? Mfundu? Nsabwe?"

Atsikanawo anayang'anana. Otilia anaseka ndi manyazi.

"Ndadziwa," anatero wogulitsayo. Anatola kabotolo kakang'ono kokhala ndi madzi ofiirira. "Awa ndi akunja. Supuni imodzi m'mutu, mumange jumbo, pamwamba duku, mudikire ola limodzi. Zimafa zonse, agogo awo ndi mazira omwe. Lezala n'zakale. Mwana wamkazi kumumeta ngati mkaidi?"

"Dzina lake ndi chiyani?" anafunsa Filomena, akutembenuza kabotoloko. Kanalibe pepala lililonse.

"Dzina lili pachigubu chachikulu kunyumba. Mukufuna dzina kapena mukufuna nsabwe zife?"

Otilia anagwira mnzake padzanja. "Tigule kamodzi tigawane. Iwe sufuna Anita akavine ndi maliboni? Amayi ako akadzaona kuti zafa adzakuyamika."

Filomena anaima kanthawi. Tebulo la malezala linali pafupi, masitepe asanu okha. Kenako anamasula mfundo ya chitenje chake n'kupereka ndalama ya lezala ija.

Pobwerera anakhala pansi pa mtengo wa masawu. Otilia anali ndi kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa, ndipo anathiramo theka. Fungo lake linali lakuthwa, lolasa m'mphuno.

"Mankhwala amphamvu amanunkha choncho," anatero Otilia. "Ife tikupita kaye kuchigayo. Witness ndimupaka dzuwa likapendeka, kuti agone nawo mpaka m'mawa."

3. Ola limodzi

Filomena anafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Mayi ake anali kutchalitchi. Bambo ake anali atapita ndi ng'ombe kumtsinje wa Mwanza, kokakumba madzi mumchenga.

"Bwera, Anita. Sumetedwanso."

Anita anadumphadumpha. Anakhala pampando, mkulu wake n'kumuthira mankhwalawo m'mutu, kutikita mpaka pakhungu, kumanga jumbo, kenako duku. Poona kuti tsitsi ndi lambiri anawonjezera supuni yachiwiri.

"Akuwotcha, achemwali."

"Ndiye kuti akugwira ntchito. Pirira pang'ono."

Kunali kotentha moti nkhuku zinabisala pansi pa nkhokwe zitayasamula milomo. Anita anayamba kuphunzira masitepe ake pabwalo, akuimba nyimbo ya kwaya. Thukuta linkatsika kuchokera m'jumbomo n'kumayenderera m'khosi. Filomena anapita kukatsuka mbale kuseri kwa nyumba.

Patapita nthawi anazindikira kuti nyimbo ija yaleka.

Anapeza Anita atakhala pansi, atatsamira khoma. Dovu linkatuluka m'kamwa mwake ngati la khanda. Misozi inkayenderera koma sankalira. Kenako anasanza, n'kusanzanso.

"M'mimba, achemwali. Sindikuona bwino."

Filomena anamudzutsa msanga. Anang'amba jumbo lija, n'kukokera mwanayo kubafa. Anathira madzi onse a mumtsuko, n'kusambitsa mutuwo katatu ndi sopo wonunkhira wa mayi awo mpaka fungo lija litasowa. Jumbo ndi duku anaziponya m'chimbudzi. Kabotolo anakakulunga m'pepala n'kukamanga pamfundo ya chitenje chake.

"Usawauze amayi," anamunong'oneza. "Ukhala bwino pompano. Wamva? Usawauze."

Anita anagwedeza mutu. Minofu ya patsaya lake inkadumphadumpha yokha.

A Clotilda atalowa pabwalo, tsache lili m'manja, anangoliponya pansi. Anakhudza chipumi cha mwanayo.

"Wayamba liti?"

"Posachedwa pomwepa."

"Wadya chiyani?"

"Palibe, mama."

"Ndi malungo awa. Akagwira ana amabwera chonchi. Thamanga ukaitane wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo uuze aliyense wopita kumtsinje akadziwitse bambo ako."

4. Panjinga yamoto

Anakwera atatu kumbuyo kwa woyendetsa. A Clotilda ananyamula Anita pachifuwa, Filomena anakhala kumapeto atagwira miyendo ya mng'ono wake. Miyendoyo inali yonyowa ndi yozizira ngakhale kuti mphepo inali yotentha ngati yochokera pamoto.

Mseu unali wa miyala ndi fumbi. A Clotilda ankapemphera mokweza njira yonse, mawu awo akudukaduka m'mabampu.

"Ambuye, munandipatsa ndinu mwanayu. Mukudziwa pamene pakumupweteka, ine sindikudziwa. Muonetseni dokotala chimene chabisika."

Filomena anamva mawu amenewo ngati akunena iye. Kabotolo kankamugunda pantchafu pa bampu lililonse.

Anadutsa minda ya thonje yomwe mapesi ake anali atazulidwa kale ndi kuwotchedwa. Pamenepo m'pamene Filomena anakumbukira kumene anamvapo fungo la mankhwala aja. Chaka chilichonse, mwezi wa Febuluwale, bambo ake ankabwera nalo kuchokera kumunda atabereka mpope wopopera. Sankalola mwana aliyense kuwayandikira asanasambe. Tsiku lina Filomena anatola botolo lopanda kanthu kuti azisungiramo mafuta a nyali, ndipo bambo ake anamukhazika pansi.

"Mwana wanga," anatero tsiku limenelo, "mankhwala a thonje alibe chibale. Sadziwa kuti iyi ndi mbozi, uyu ndi munthu. Anthu amaganiza kuti amapha ukamwa pokha. Ayi. Amalowa pakhungu ngati madzi mumchenga, makamaka thupi likatentha. Ndinaona mnzanga atapopera masana wopanda malaya. Anayamba dovu, kenako kusanza, kenako kupuma ngati akumira. Tinamunyamula pangolo. Ndiye botolo lililonse ndimaliboola n'kulikwirira kutali ndi mjigo. Ukadzaona madzi onunkha chonchi, kaya ali m'botolo lokongola bwanji, udzawathawe ngati njoka."

Filomena anayang'ana Anita. M'chifuwa mwa mwanayo munkamveka phokoso ngati la madzi owira.

Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma njinga inagunda mwala, ndipo anatsekanso.

5. Funso la a Fanizo

Pachipatala chaching'ono panali mzere wautali, koma anthu ataona mwanayo anapatuka okha. Dokotala wa pamenepo, a Fanizo, anali bambo wamfupi wa imvi m'mbali. Anagoneka Anita pabedi, namwino n'kumubaya chala kuti ayeze malungo.

Anadikira. Pakachipangizo panatuluka mzere umodzi wokha.

"Malungo palibe," anatero a Fanizo. Anatenga tochi n'kuunika m'maso mwa Anita. Anaunikanso kachiwiri. "Mayi, taonani tiana ta m'maso mwakemu. Tachepa ngati nsonga ya singano. Mwanayu wamwa kapena wakhudza chiyani lero?"

"Palibe, adokotala. Mkulu wakeyu anali naye."

"Kunyumba kuli mankhwala a makoswe? A mbewu? A nkhupakupa za ng'ombe?"

"Bambo ake sasunga zimenezo m'nyumba. Ndi munthu wosamala kwambiri."

A Fanizo anatembenukira kwa Filomena. Sanakweze mawu.

"Mtsikana iwe, tamvera. Ine sindine wapolisi ndipo pano si pabwalo la milandu. Ndili ndi jakisoni m'kabatimu amene angathandize mng'ono wako ngati chamuvuta ndi chimene ndikuchiganizira. Ndiyamba kumubaya chifukwa nthawi ikutha. Koma ndikhala ngati munthu woyenda mumdima. Sindidziwa kuti chalowera pati, chalowa nthawi yanji, n'chochuluka bwanji, kapena ngati chidakali pathupi pake. Ndaona ana ambiri pabedi limeneli. Amene tinawataya, ambiri sanaphedwe ndi poizoni yekha. Panali wina m'chipindamo amene ankadziwa, koma ankaopa kukalipidwa. Kukalipidwa kumatha tsiku limodzi. Ngati ukudziwa kanthu, ino ndiyo nthawi yake."

M'chipindamo munangomveka kupuma kwa Anita. Mwanayo anatembenuza mutu pang'ono n'kuyang'ana mkulu wake. Milomo yake inali yotseka. Ngakhale pamenepo ankasunga zimene anauzidwa.

Filomena anagwada pansi. Mfundo ya chitenje inakana kumasuka, mpaka anaimasula ndi mano. Anaika kabotolo kaja pabedi.

"Ndinamupaka awa m'mutu. Supuni ziwiri. Ndinamumanga jumbo dzuwa lili pamutu. Anakhala nawo ola limodzi, mwina kupitirira, kenako ndinamusambitsa mutu ndi sopo. Ndinagula kumsika. Lezala sindinagule."

A Clotilda anagwira chitsulo cha bedi.

A Fanizo anatsegula kabotoloko, kukanunkhiza patali, n'kukatsekanso msanga.

"Jakisoni uja," anauza namwino. "Ndipo muvale magolovesi, mumuvule diresili, lanyowa ndi thukuta la m'mutu. Mumete tsitsi lonse, mumusambitsenso ndi sopo. Wina aimbire ambulansi."

Tsitsi la Anita linagwa pansi nthuli ndi nthuli. Filomena ndiye anagwira beseni.

Anamubaya koyamba, n'kudikira. Anamubaya kachiwiri, kenako kachitatu. A Fanizo ankamvetsera m'chifuwa, kuyang'ana wotchi, kumvetseranso. A Clotilda ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ija amaimba pamene munthu alibenso mawu opempherera.

Pang'ono ndi pang'ono dovu linayamba kuuma. Phokoso la m'chifuwa linachepa.

"Akubwerera," anatero a Fanizo, akupukuta nkhope yawo. "Sanatuluke pangozi, ayenera kukagona kuchipatala chachikulu masiku angapo. Koma akubwerera. Kusambitsa kuja kunathandiza, mtsikana. Kubisa kuja kukanamupha."

"Takhuta, takhuta," anathokoza a Clotilda m'Chisena cha makolo awo, akuwomba m'manja mofatsa. Kenako anayang'ana Filomena. "Ndinakufunsa kuti wadya chiyani."

"Sanadye, mama."

"Ukudziwa chimene ndinkafunsa."

"Inde, mama. Ndinanama."

A Clotilda anatseka maso. Kenako anatambasula dzanja n'kuliika pamutu pa mwana wawo wamkuluyo. Silinali dzanja lomusisita, koma sanalichotse.

6. Theka lina

Dzuwa linali litayamba kupendeka pamene a Geresomo anafika panjinga yawo yakapalasa, miyendo ili mbuu ndi mchenga wa kumtsinje. Analowa, anagwira phazi la Anita, anamva zonse kwa akazi awo. Kenako anapempha kuona kabotolo kaja.

Sanafunikire kukatsegula. Ananunkhiza chivindikiro chokha.

"Ndi a thonje," anatero. "Otsala a chaka chatha. Ena mwa alimi anzanga amagulitsa zotsala m'malo mokwirira, ndipo wina amazithira m'timabotolo." Anakweza kabotoloko pawindo n'kukayang'anitsitsa. "Filomena, wati supuni ziwiri?"

"Inde, baba."

"Nanga kafika bwanji pansi chonchi? Munthu sagulitsa botolo la theka. Ena onse apita kuti?"

Filomena anayang'ana kunja. Mthunzi wa mtengo wa pachipatala unali utatalika mpaka kufika pakhonde. Mantha oopera moyo wa Anita anali atadzaza mutu wake wonse, ndipo mpaka nthawi imeneyo sanakumbukire za mtengo wa masawu.

"Otilia," anatero. "Tinagawana. Akuti amupaka Witness dzuwa likapendeka. Akuti agone nawo mpaka m'mawa."

"Kwawo kuli foni?" anafunsa a Fanizo.

"Ya bambo ake, koma ali ku Nchalo kodula nzimbe."

Wa kabaza uja anali atapita kale ndi munthu wina. Ambulansi inali isanafike, ndipo ikafika inali ya Anita. A Geresomo anatuluka n'kutembenuza njinga yawo.

"Kwera," anauza Filomena. "Njira ya kwawo ukuidziwa ndiwe, ndipo Otilia akamva iweyo msanga kuposa ine."

A Fanizo anawathamangira n'kupatsa Filomena sopo ndi magolovesi. "Mukapeza atamupaka kale, muchotse zonse, madzi ambiri, ndipo mubwere naye kuno ngakhale akuoneka bwino. Musamumwetse mkaka, musamusanzitse. Ine sindichoka pano."

A Geresomo anapalasa ngati mnyamata. Sanamukalipire mwana wawo njira yonse. Pachitunda china, pamene anatsika kuti akankhe njinga, Filomena anawamva akupemphera pakati pa kupuma kwawo, akutchula dzina la Witness, la Anita, ndiponso la munthu wa tebulo la buluu, kuti Mulungu amugwire dzanja asanagulitse kabotolo kena.

Anadutsa mjigo, anadutsa khola la mbuzi, anakhotera pa mtengo wa mlambe. Nyumba ya kwa Otilia inaonekera patsogolo, dzuwa litafiira kumbuyo kwake. Thumba la ufa linali pakhomo, kusonyeza kuti abwerako kuchigayo.

Pabwalo panali kamtsikana, Witness, kakuvina kokha, kakuwerenga masitepe ake. Kumutu kwake kunali duku lachikasu, ndipo m'mphepete mwa dukulo munkatuluka nsonga ya jumbo.

Filomena anadumpha njinga isanaime.